Kupinyolitsa wotchi mu Lusaka: kudziwa mtengo wake, kusaina mosamala ndi kuiwombola

Munthu amene akulowa mu shopu ya pinyolo atanyamula wotchi nthawi zambiri amakhala akuganizira ndalama zimene anaigulira, kapenanso munthu amene anamupatsa, pamene mwini shopuyo akuganizira chinthu chimodzi chokha, ndicho ndalama zimene angapeze ataigulitsa msanga ngati mwiniwake sadzabweranso kudzaiwombola. Mikangano yambiri ya pa kauntala imachokera pa kusiyana kwa maganizo awiriwa, ndipo amene akufuna kutulukamo osadandaula ayenera kuyamba waphunzira kuiona wotchi yake monga mmene wobwereketsayo akuionera.

Mu Lusaka malo obwereketsa ndalama polandira chikole si osowa. Zikwangwani zawo zimaoneka m'tauni, m'misewu ya Cairo, Chachacha ndi Freedom Way, ku Kamwala, ndiponso m'makomboni monga Matero, Chawama ndi Kalingalinga. Ena ndi makampani olembetsedwa okhala ndi ofesi ndi sefa yosungiramo katundu, ena ndi anthu wamba ochita kaloba, kubwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chachikulu, pakhomo pawo. Ambiri mwa iwo anazolowera kulandira mafoni, malaputopu, mawayilesi a kanema ndi magalimoto, ndipo wotchi saidziwa bwino kwenikweni. Zimenezi zimakhudza mtengo, chifukwa munthu amene sangathe kusiyanitsa wotchi yeniyeni ndi gong'a, yokopera, amadziteteza popereka ndalama zochepa pa wotchi iliyonse.

Musanachoke panyumba, dzifunseni ngati mukufunadi kupinyolitsa kapena kuli bwino kungogulitsa. Tiyerekeze kuti wotchi yanu ingagulidwe K3,000 mutapeza wogula wosathamanga, ndipo wa pinyolo wakupatsani K1,200 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pamwezi. Pakutha kwa mwezi mudzafunika K1,560 kuti muitenge. Mukalephera, n'kumangolipira chiwongoladzanja chokha kuti wotchi isagulitsidwe, pakatha miyezi itatu mudzakhala mutapereka K1,080 koma ngongole ya K1,200 ija ikadali chilili. Mukaitaya pa nthawi imeneyo, ndiye kuti wotchi ya K3,000 mwaipereka pa K120 yokha imene yatsala m'manja mwanu. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma kawerengedwe kake n'kofanana paliponse. Choncho pinyolo amayenera munthu amene akudziwa tsiku lenileni limene ndalama zidzalowe, monga malipiro a pamapeto pa mwezi kapena tsiku lake lolandira pa chilimba, gulu losonkherana ndalama mosinthana. Amene akungoyembekezera kuti mwina zinthu zidzayenda angachite bwino kugulitsa wotchiyo yekha ndi kulandira mtengo wonse.

Ndi bwinonso kudziwa amene mukuchita naye malonda. Ku Zambia kuli lamulo la obwereketsa ndalama, Money-lenders Act, lomwe ndi mutu 398 wa malamulo a dziko, ndipo limafuna kuti wochita ntchito imeneyi akhale ndi chiphaso. Makampani akuluakulu a ngongole zing'onozing'ono amayang'aniridwa ndi Bank of Zambia. Kupempha kuona chiphaso si mwano, ndipo shopu yolongosoka imachipachika poonekera. Chinthu choyenera kuchikana kotheratu ndi pepala lonena kuti mwagulitsa katundu wanu pamene inu mukudziwa kuti mwangopereka chikole. Obwereketsa ena a kaloba amachita zimenezi, makamaka pa magalimoto ndi nyumba, ndipo amanena kuti ndi mwambo chabe wa pa ofesi, koma tsiku la mkangano pepalalo ndi limene lidzawerengedwe, osati zimene munagwirizana pakamwa.

Tsopano tione mawotchi enieniwo, pakuti ubwino wa wotchi pamkono ndi mtengo wake pa pinyolo ndi zinthu ziwiri zimene kawirikawiri siziyendera limodzi.

Mawotchi ambiri amene anthu amavala masiku ano ndi a batire, omwe amatchedwa quartz. M'kati mwake muli kamwala kakang'ono kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi iliyonse kakalandira mphamvu ya batire, ndipo makina amawerenga kunjenjemerako kuti ayendetse mivi. Wotchi yoyamba yapamkono ya mtundu umenewu kugulitsidwa inali Seiko Astron, imene inatuluka ku Japan pa 25 Disembala 1969, ndipo m'zaka zotsatira luso limeneli linagwetsa makampani ambiri a ku Switzerland amene ankapanga mawotchi a sipuling'i. Wotchi ya quartz yabwinobwino imangosemphana ndi nthawi ndi masekondi pafupifupi 15 pamwezi, siifuna kusamalidwa kwambiri kupatula kusintha batire, ndipo pa ntchito yosunga nthawi imaposa wotchi ya sipuling'i yodula kwambiri. Vuto lake pa pinyolo ndi lakuti makina ake ndi otsika mtengo ndipo alipo ambirimbiri, motero palibe chifukwa choti wogula alipire zambiri pa yakale pamene yatsopano ili pafupi.

Chitsanzo chabwino ndi Casio F-91W, kawotchi kakuda ka pulasitiki kamene kanayamba kupangidwa mu 1989 ndipo batire lake limatha pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Kwa mlonda, mwana wa sukulu, wogulitsa pa msika wa Soweto kapena woyendetsa basi, ine sindidziwa wotchi ina yoposa imeneyi. Koma mukapita nayo ku pinyolo, ndalama zimene angakupatseni mwina sizingakwanire ngakhale ulendo wanu wa basi wopita m'tauni ndi kubwerera. G-Shock, yomwe kampani yomweyo inatulutsa mu 1983 kuchokera ku ntchito ya injiniya Kikuo Ibe, ili ndi mwayi wokulirapo, chifukwa achinyamata amaifuna, imapirira kugwa, ndipo yambiri imalembedwa kuti imapirira madzi mpaka mamita 200. Chimene chimaigwetsa mtengo ndi kuchuluka kwa magong'a ake m'misika, kotero popanda kabokosi ndi lisiti wobwereketsa adzayamba ndi kukayika. Citizen Eco-Drive, imene imatenga mphamvu kuchokera ku kuwala, ndi yabwino kwambiri kuno kumene dzuwa silisowa, komabe dziwani kuti ikakhala miyezi yambiri mu sefa ya mdima imaima, ndipo ikakhalitsa chonchi kabatire kake kosungira mphamvu kangathe kufooka.

Mawotchi a sipuling'i ndi amene amafuna kuwafotokoza mofatsa, chifukwa ndiwo amasunga mtengo ndipo ndiwonso amapusitsa anthu ambiri. Alibe batire. Mphamvu yawo imasungidwa mu sipuling'i yokulungidwa, imene ena amachita kuikunga ndi zala popotokola kamutu ka pambali, pamene ena, otchedwa otomatiki, ali ndi kachitsulo kolemera kamene kamazungulira mkono ukamayenda n'kumakunga sipuling'iyo. Muvi wa masekondi wa wotchi yotere umayenda ngati ukutsetsereka, chifukwa kawirikawiri umasuntha kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pa sekondi, pomwe wa quartz umadumpha kamodzi. Ngakhale wotchi ya sipuling'i imene yapambana mayeso a bungwe la COSC, loyesa kulondola kwa mawotchi ku Switzerland, imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola masekondi 6 pa tsiku, kutanthauza kuti Casio ya mwana wa sukulu imaiposa pa kulondola. Anthu amaikonda chifukwa imakonzeka. Mmisiri angathe kuimasula, kuitsuka, kuithira mafuta ndi kusintha kachitsulo kamene katha, ndipo ikasamalidwa chonchi pakapita zaka zingapo zilizonse imatha kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana ndi mdzukulu.

Imene ambiri a ife tinaiona pamikono ya makolo athu ndi Seiko 5, yomwe inayamba mu 1963. Zambiri zimene zili m'manja mwa anthu lero zili ndi makina otchedwa 7S26, amene sakungidwa ndi zala ndipo amaima akakhala osavalidwa pafupifupi maola 40. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa tsiku lopinyolitsa. Ndinaonapo malume anga akupatsidwa mtengo wa wotchi yakufa pa Seiko yabwinobwino, chifukwa chakuti inali itagona m'kabati sabata yathunthu ndipo mnyamata wa pa kauntala, amene ankadziwa za mafoni zokha, ananena kuti batire latha. Malumewo anakwiya n'kutuluka, ndipo anachita bwino, koma akadaivala dzulo lake mkanganowo sukadakhalapo. Pa Seiko 5 palinso vuto la zokonzedwanso, zimene amalonda ena amazisonkhanitsa kuchokera ku zidutswa za mawotchi akale osiyanasiyana n'kupentanso nkhope yake ndi mitundu yowala. Zoterezi zimayenda ndithu, koma odziwa mawotchi sazipatsa mtengo wa yeniyeni.

Pamwamba pa zonse pali mayina a ku Switzerland monga Rolex ndi Omega. Rolex inayambitsidwa ndi Hans Wilsdorf ku London mu 1905, pambuyo pake inasamukira ku Geneva, ndipo inatchuka ndi Oyster ya 1926 yosalowa madzi komanso Submariner ya 1953. Omega imadziwika ndi Speedmaster imene inafika pa mwezi mu 1969. Mawotchi awa ndi ena mwa ochepa amene mtengo wake ukhoza kukhazikika kapena kukwera pakapita zaka, ndipo chifukwa cha chimenecho ndi amenenso amakoperedwa kwambiri. Malangizo anga kwa amene ali ndi yeniyeni ndi akuti asapite nayo ku shopu ya mafoni ndi mafiriji. Apite kwa wogulitsa ndolo ndi mphete za golide kapena kwa wobwereketsa amene ali ndi mmisiri wa mawotchi, pakuti wosadziwa adzapereka mtengo wa gong'a, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti wodziwa pang'ono angapereke mtengo womwewo akudziwa bwino chimene wagwira.

Wotchi ya golide imayesedwa mosiyana, chifukwa wobwereketsa amayang'ana kulemera kwa golideyo kuposa makina. Nambala 750 yosindikizidwa pa chitsulo imatanthauza makarati 18, nambala 585 makarati 14, ndipo 375 makarati 9. Zilembo GP kapena mawu akuti plaqué amasonyeza kuti golide anangokutira pamwamba, ndipo kumbuyo kwa wotchi yotere nthawi zambiri kumalembedwa kuti chivundikiro ndi cha chitsulo chosachita dzimbiri. Yokutidwayo imaoneka bwino pa ukwati koma pa sikelo ilibe kanthu.

Mawotchi a mafashoni, okhala ndi dzina la kampani ya zovala kapena zikwama, amadula mu shopu za ku Manda Hill ndi East Park chifukwa cha dzina ndi maonekedwe, pamene m'kati mwake nthawi zambiri muli makina wamba a quartz. Amatsika mtengo tsiku lomwe achoka m'kabokosi. Mawotchi amakono olumikizana ndi foni amatsika ngati mmene foni imatsikira, chifukwa chaka chilichonse kumabwera watsopano ndipo batire lake limafooka. Amene anakhala mu Lusaka mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku, akudziwa kuvuta kwa wotchi yofuna kutchajidwa pafupifupi tsiku lililonse. Komabe obwereketsa ambiri amailandira msanga kuposa Seiko, popeza msika wake amaudziwa. Mukapinyolitsa yotere, chotsanimo mauthenga ndi zonse za inu eni, ndipo mugwirizane bwino za akaunti, pakuti Apple Watch yomangidwa ku akaunti ya mwiniwake singagwiritsidwe ntchito ndi munthu wina, ndipo wobwereketsa adzafuna kuti muimasule asanakupatseni ndalama.

Kukonzekera kwake n'kosavuta. Pukutani wotchi ndi kansalu kofewa, ndipo lamba wachitsulo mumutsuke ndi kamswachi kakale kuti litsiro la thukuta lichoke, koma musaipale ndi mankhwala owalitsira chitsulo, chifukwa pa wotchi yodula kupala kumachotsa mtengo. Ya batire ikhale ikuyenda, ngakhale zitafuna kuti mugule batire latsopano kwa okonza mawotchi a m'makonde a m'tauni. Tengani kabokosi, khadi la chitsimikizo, lisiti ndi timfundo ta lamba timene munachotsa pochepetsa, pamodzi ndi reji yanu, chitupa chanu cha unzika. Mapepala amenewa amakweza mtengo, komanso amasonyeza kuti katunduyo si wakuba, ndipo wobwereketsa wanzeru amaopa zimenezi chifukwa kulandira katundu wobedwa ndi mlandu. Muli kunyumba, jambulani wotchi ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, kuti nambala yake ndi zipsera zonse zioneke, ndipo fufuzani pa intaneti mtengo umene mawotchi akale a mtundu womwewo agulidwa nawo, osati umene ogulitsa akungotchula.

Pa kauntala, lolani wobwereketsa ayambe kutchula mtengo, ndipo musaope kufunsa m'mashopu awiri kapena atatu musanasankhe. Musatenge ndalama zonse zimene akufuna kukupatsani ngati vuto lanu likufuna zochepa, chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa pa zimene mwatenga, ndipo ngongole yaing'ono ndi imene imawomboleka. Ngati akufuna kutsegula kumbuyo kuti aone makina, zichitike inu mukuona ndiponso ndi chida choyenera, osati ndi mpeni, pakuti pansi pa chivundikiro pali kamphira kotchinga madzi ndi fumbi, ndipo kakaduka, mvula ya mu Disembala kapena fumbi la mu Seputembala zidzalowa.

Lisiti ndi limene lidzakuyankhulireni, choncho liwerengeni musanasaine. Likhale ndi dzina la wotchi, mtundu wake, nambala yake, mtundu wa lamba ndi zonse zimene mwasiya pamodzi nayo. Mawu akuti wotchi imodzi yasiliva si okwanira, chifukwa wotchi ina iliyonse yoyera ingakwanire pa mawu amenewo. Lilembedwenso ndalama zimene mwalandira m'manja, ndalama zonse zimene mudzabweze, tsiku lomaliza lowombolera, chilango cha kuchedwa, ndiponso masiku amene adzadikire asanagulitse. Funsani ngati pali zolipira zina za kusunga katundu kapena kulemba mapepala, popeza zimenezi zimatha kukweza ngongole imene poyamba inaoneka yopepuka. Funsaninso ngati kuwombola msanga kumachepetsa chiwongoladzanja, komanso chimene chidzachitike ngati wotchi itabedwa kapena kuwonongeka ili m'manja mwawo. Shopu ina imaika katundu m'kathumba komata n'kukusainitsani pa chomatacho, ndipo imeneyi ndi njira yabwino imene mungathe kuipempha ngakhale kumene sanaizolowere.

Mukamalipira pang'onopang'ono, kaya pamanja kaya kudzera pa Airtel Money kapena MTN, sungani umboni wa malipiro alionse. Mukaona kuti tsiku likuyandikira ndipo ndalama sizikukwana, pitani tsikulo lisanafike mukakambirane, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pa lisiti lomwelo. Ngati zaonekeratu kuti simudzakwanitsa, pezani nokha wogula amene angalipire mtengo wabwino, mupite naye kukawombola, kuti zotsala pamwamba pa ngongole zikhale zanu. Pa tsiku lowombola, yerekezani nambala ndi zithunzi zija musanatuluke, yesani kamutu ka pambali ngati kakusintha nthawi ndi deti, ndipo yang'anani ngati pansi pa galasi mulibe nkhungu. Pakabuka mkangano umene sukutha pokambirana, mu Lusaka muli khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, Small Claims Court, komanso bungwe loteteza ogula la Competition and Consumer Protection Commission, ndipo konseko adzayamba kukufunsani mapepala.

Shopu ya pinyolo ndi malonso ogulira, chifukwa katundu amene eni ake analephera kuwombola amagulitsidwa, ndipo munthu wodziwa angapeze Seiko, Orient kapena Citizen yabwino pa mtengo wotsika. Pogula, yang'anani zolemba za pankhope ya wotchi pa kuwala kokwanira, pakuti pa gong'a zilembo zimakhala zonenepa, zopendekera kapena zosafanana. Pa Rolex yeniyeni kagalasi ka pamwamba pa deti kamakulitsa nambala kawiri ndi theka mpaka kudzaza kawindo, pamene pa magong'a ambiri nambala imaoneka yaing'ono. Kuyenda kotsetsereka kwa muvi wa masekondi si umboni wokwanira, chifukwa magong'a amakono alinso ndi makina a otomatiki, ndipo ena amafanana kwambiri ndi yeniyeni moti ndi mmisiri yekha amene angawazindikire atatsegula. Wotchi yokhala ndi timawotchi ting'onoting'ono pankhope muiyese podina mabatani ake, popeza pa zotchipa timivi timeneto tinangomatidwa kuti tikongoletse. Galasi la pulasitiki likakandika limatha kupalidwa n'kuwalanso, lagalasi wamba lolimbitsidwa, lotchedwa mineral, limafuna kusintha, pamene la safiro silikandika msanga koma limadula likasweka. Mawu akuti mamita 30 kumbuyo kwa wotchi amangotanthauza kuti imapirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja, ndipo pa wotchi yakale imene yatsegulidwapo musadalire ngakhale zimenezo mpaka kamphira kaja katasinthidwa.

Ngati mukugula ya sipuling'i, pemphani kuti muitchere molingana ndi nthawi ya pa foni ndi kubweranso mawa lake kudzaona kuti yasemphana ndi masekondi angati. Ikathamanga mphindi zingapo pa tsiku, nthawi zambiri imakhala kuti yagwidwa ndi maginito, monga a sipika, ndipo mmisiri amachotsa zimenezo mosavuta. Ikamatsalira kwambiri kapena kuima usiku ngakhale kuti inakungidwa mokwanira, ndiye kuti mafuta auma ndipo ikufuna kutsukidwa, choncho funsani kaye mmisiri mtengo wa ntchitoyo ndipo muuchotse pa ndalama zimene wogulitsa akutchula. Lisiti la kugula likhale ndi nambala ya wotchi, dzina la shopu ndi tsiku, ndipo mulisunge m'kabokosi pamodzi ndi wotchiyo.